Mitsempha ya Mwaiwathu pa Thupi Langa

Inu, tamverani, musamaseke munthu mukaona akukana kuvula kuchipatala. Ine Gerald zinandionekera.

Mkazi wanga Mwaiwathu amaphunzira za unamwino kuno ku Mzuzu. Panali mayeso amodzi omwe anamugwetsa kale, okhudza mitsempha yobweza magazi kuchokera m'chiuno ndi kumalo obisika. Akanalepheranso, sukulu ikanathera pomwepo. Lamulungu masana ndinamupeza akulira, buku lili pamwendo.

"Bambo a Chifundo, zithunzizi sizikulowa m'mutu. Ndikanaona pa munthu weniweni."

Ine ndi matama angawa ndinadziguguda pachifuwa. "Nanga ine si munthu? Jambulani pano!"

Anafuna kukagula cholembera chofufutika, ine ndinakana. Kuwononga bwanji, pomwe ndili ndi chabuluu chosafufutika chomwe timalembera matumba a chimanga kuntchito? Ndiye ndinagona chagada, iye n'kuyamba ntchito: mizere kuchokera kumusi kwenikweni, kudutsa pachinena, kukwera mpaka kupitirira mchombo, uliwonse ndi dzina lake ndi kamuvi. Kunyerenyetsa kwake! Koma ndinapirira, poti ndimamukonda mkaziyu.

M'mawa ndinasamba katatu. Sopo, chinkhupule, ngakhale mwala wotsukira mapazi. Ayi ndithu, mizere ili nga!

Ndinati palibe kanthu, adzaona ndani? Ndinakwera kabaza ku Mchengautuwa, kamvula kathu kaja kakuwaza. Titafika cha ku Katoto njinga inaterereka, ine khu! chiuno pansi. Anthu anandinyamula mpaka kuchipatala ndikukuwa kuti ndachira.

Dokotala wake anali bambo wachikulire, a Gomezgani, olankhula mosakaniza ndi Chitumbuka.

"Monile dada. Tsitsani buluku tione chiunocho."

"Adokotala, ingondipatsani panado."

"Dada, ine siniona kudzera mu nsalu yayi. Tsitsani."

Ndinatsitsa, maso ndili kudenga. Kenako ndinamva akusintha magalasi.

"Mwajambula mwekha?"

"Akazi anga. Ali ndi mayeso Lachinayi. Akalephera, basi."

Ndinkayembekeza kuti aseka. Ayi! Anayamba kulondola mizere ndi chala ngati mphunzitsi akuchonga kope, kwinaku akung'ung'udza kuti mayiyu ali ndi dzanja labwino chomene. Atafika kumanzere anaima.

"Apa walakwa. Wakumanja uwu umathiradi mu mtsempha ukulu wa m'mimba. Koma wakumanzere, wochoka ku katundu wanuyu, umakwera kukathira mu mtsempha wa impso. Ambiri amagwera pamenepa."

Anthuni, anatulutsa cholembera chofiira! Anakhwatcha mzere wa mkazi wanga, n'kujambula wake, ine ndikubuula ndi chiuno.

"Nanga chiunochi, adokotala?"

"Sichinathyoke. Lutani, mukamuonetse asanafufute."

Ndinafika kunyumba ndikutsimphina, manyazi atandikwana. Mwaiwathu anangoti pepani kamodzi, n'kuthamangira kope lake. Masiku atatu ndinali buku, inu. Akaiwala pang'ono, "Bambo a Chifundo, tabwerani kuchipinda," ine n'kumaganiza zina, kukapeza akufuna impso.

Lachinayi funso lija linabweradi. Zotsatira zitatuluka anabwera akuvina kuchokera pamsewu, wakhoza! Ine misozi inalengeza, ndinanyada zedi.

Ndiye dzulo wandigwira dzanja mwachikondi, n'kundiuza kuti chigawo chino akuphunzira kubaya jakisoni, ndipo akanakonda kuyesera pa munthu weniweni.