Nkhondo ya ku Philippines inathera pamafuwa anga

Ambuye ndi abwino, mwana wanga Yohane akadali pantchito. Koma ine mayi wake ndinatsala pang'ono kumuchotsetsa.

Yohane amayendetsa galimoto ya bambo wina wa ku Philippines ku Lilongwe. Tsiku lina anabwera kuno ku Ntchisi ndi chitini chozungulira ngati mbale.

"Amayi, abwana akuti izi zimafuna malo ozizira, m'tauni mwatentha. Musungire kutali ndi moto."

Ndinayika kunsi kwa bedi. Koma dzinja litafika, makoswe anabowola thumba la ufa, ine n'kukumbukira chitini chija. Kutsegula, ndinapezamo chilamba chakuda chokulungakulunga, chonunkha. Ndinachipachika pamsomali, m'chitini n'kuthiramo ufa.

M'mawa wina nkhuni zinanyowa, moto ukukana. Ndinaduladula kachidutswa n'kuponya pamafuwa. Abale inu, kuyaka kwake! Parafini achepa. Ndinathokoza Mulungu (inde, ndinathokozadi). Sabata yomweyo ndinagawirako amayi anzanga a kumpingo, popeza dalitso sudya wekha.

Mvula itatha, galimoto inaima pabwalo, Yohane ndi abwana ake kudzatenga chitini chija. Ndinawayalira mphasa, n'kubweretsa chilamba chotsalacho m'lichero.

Yohane anagwira kumutu. "Amayi, ndinati chiyani za moto?"

"Unati kutali ndi moto, mwanawe. Sunanene kuti chimayaka bwino chonchi."

Abwanawo anatenga chilambacho n'kuchiyang'anitsitsa. Kenako anafotokoza, Yohane akumasulira. Akuti ndi kanema wakalekale wa kwawo, woonetsa makolo awo akulimbana ndi atsamunda. Ambiri otere anapsa pankhondo, ndiye otsalawo anthu amachita kulimbirana, mtengo wake kuposa khola la ng'ombe.

Ndinagwada. "Bwana, wolakwa ndine. Mwanayu musamuchotse."

Anandidzutsa ndi manja awiri. Anakweza chilambacho kudzuwa kuti ndione: tianthu ting'onoting'ono tovala zipewa zamlaza, zikwanje m'manja, tikuthamangira asilikali amfuti. Ndinawamvera chisoni, alimi ngati ife tomwe.

"Nanga anapambana?" ndinafunsa.

Yohane anamasulira yankho akuyang'ana pansi. "Akuti mbali imeneyo ndi yomwe munaphikira nyemba."

Chotsalacho anapita nacho, chitini chomwe. Anthu azikwanje aja ndimawapempherera mpaka lero, poti sindidziwa kuti zinawathera bwanji. Koma nkhuni zikanyowa, Ambuye andikhululukire, maso anga amathamangirabe pamsomali paja.