Mapasa Anga ndi Mpando Wanu Umodzi

Kwa Olemekezeka Mkulu wa Komiti Yolandira Ana,
Sukulu ya mpanda wautali ija.

Bwana,

Ndagwada. Ine ndine wometa uja wa kuseri kwa msika, bambo wa mapasa aakazi amene munawalembetsa mayeso mwezi watha. Pakhomo timawatcha Wayilesi ndi Chete, poti mmodzi pakamwa sipatseka, winayo mawu amachita kuumira. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Kalata yanu tailandira. Mwati onse awiri akhoza mofanana, koma malo aulere a mwana wa anthu wamba ndi amodzi okha m'kalasi, choncho ife makolo tichonge dzina limodzi pafomu pofika Lachisanu. Ndati ndisachite mwano, ndiyambe ndathokoza.

Choyamba, zikomo chifukwa cha geti. Mlonda wanu ndi munthu wa ntchito yake. Buku lake lili ndi malo olembapo nambala ya galimoto basi, ndiye titamuuza kuti tabwera wapansi mutu unamuima. Anatiyang'ana kumapazi, anaimba foni kawiri, kenaka anatilozera kakhomo kolowera okonza mipope. Sindikudandaula ayi. Tinaonako ndi kukhitchini komwe, mwayi umene makolo a magalimoto sanaupeze.

Chachiwiri, mafunso aja. Ine ndinkayesa oyesedwa ndi ana, kani ndi ife akuluakulu! Mayi a kunyumba anabwereka nsapato kwa mlamu wawo, zowapana, ndipo anakhala pampando wanu wofewa uja thukuta lili kamukamu. Mayi wa magalasi wa m'komiti mwanu anatifunsa kuti m'nyumba mwathu muli mabuku angati, ana timawakalipira m'chinenero chanji, ndiponso tchuthi timakachitira kuti. Ndinayankha zoona, kuti tchuthi changa ndi Lolemba ndikatseka shopu, ndipo ndimakachitira pamkeka. Analemba. Nditanena kuti ndine wometa anaomba m'manja, akuti mwana wa mlonda anakhalapo naye, wa dalaivala anakhalapo naye, koma wa wometa anali asanamupezepo. Zaka zonsezi ndikusesa tsitsi la anthu, osadziwa kuti ndine wosowa chonchi.

Chachitatu, ndipo apa ndiye ndavula chipewa, ndi nzeru zanu za muyeso. Munatifotokozera bwino kuti ana a mabwana ayenera kukula akudziwa anthu osiyanasiyana. Ndiye m'kalasi iliyonse mumaikamo woyenda ndi ndodo mmodzi, wachipembedzo china mmodzi, wochokera kunja mmodzi, ndi wathu mmodzi. Mumachita kuyeza ngati mankhwala a chifuwa, kuopa kuti supuni yachiwiri ingawagwetse ana a eni. Mayi wa magalasi uja anawonjezera, mwaulemu ndithu, kuti poti nkhope za ana anga ndi imodzi, wachiwiriyo palibe chachilendo chimene angabweretse m'kalasi.

Abale, sukulu ndi yabwino! Ine mbuli ndakhala ndikuyesa kuti ndili ndi ana awiri. Wayilesi akaona galu amakwera pamsana panga, Chete amamuthamangitsa galuyo mpaka kumsewu. Chete amalemba ndi dzanja lamanzere, ndipo ndi amene anaphunzitsa mnzakeyo kuwerenga pa manyuzipepala akale a mushopu. Mlendo akamufunsa Chete dzina, amayankha ndi Wayilesi. Zonsezi ndinkaziyesa kusiyana, kani maso anga osaphunzirawa amandinamiza.

Pali kanthu kamodzi kokha kamene mutu wanga wakanika. Ndimameta bambo wina wonenepa bwino, ana ake atatu ali pasukulu panupo. Onse makutu ndi a bambo awo, mphuno ya bambo awo, ngakhale kayendedwe. Sindinamve kuti anapatsidwa fomu yoti achonge mmodzi. Koma mwina kufanana kwa ana obwera pa galimoto n'kwa mtundu wina.

Chachinayi, zikomo chifukwa cha mtendere umene mwatibweretsera pakhomo. Fomu ili pamwamba pa kabati. Mayi a kunyumba amaitsitsa, n'kugwira cholembera, n'kuibwezanso. Sabata ino sitinakangane ngakhale kamodzi, chifukwa sitikuyankhulana. Apongozi akuti tingokana zonse. Kunena n'kosavuta, koma kumene mapasawa amaphunzira panopa buku limodzi amaunjikanapo mitu isanu ndi umodzi, ndipo mphunzitsi mpaka lero amawayesa mwana mmodzi wokonda kusintha malo. Ndikakana, ndamutsekera mmodzi khomo limene mwina silidzatsegukanso. Ndikavomera, ndamuuza winayo kuti bambo ake anamuyeza n'kumupeza wopepuka.

Kasitomala wina anandipatsa nzeru yoti azisinthana, uyu Lolemba uyu Lachiwiri, yunifolomu imodzi yomweyo, akuti inu simungazindikire olo zaka khumi. Ndikhulupirira simungazindikiredi. Ndakana chifukwa sindikufuna ana anga ayambe sukulu ndi phunziro la kuba.

Tinkayesa ana sakudziwa. Dzana Wayilesi anandipeza ndikutsuka zipeso, anati nditumize Chete chifukwa ndiye wanzeru, iye atsala azindithandiza kusesa. Dzulo m'mawa Chete, amene mawu ake timawamva mwa apo ndi apo, anandikoka malaya n'kunena kuti apite Wayilesi, poti iyeyo akabwerako azimufotokozera zonse osasiyako kanthu. Aliyense anandipempha kuti ndisamuuze mnzake.

Bwana, apa nthabwala zandithera. Ndinalira, ine bambo wandevu, ndipo kasitomala woyamba wa tsikulo anatuluka ndi chigamba kunkhongo. Zikundiwawa, ndipo ndakwiya, kungoti mkwiyo wa munthu wopempha umayenera kuvala jekete.

Pempho langa ndi laling'ono. Mpando wachiwiri sindikupempha, ndikudziwa ungasokoneze muyeso. Kungoti ntchito yosankha ana ndi yanu, munaiphunzira, ife sitiitha. Choncho Lachisanu, mukaweruka, dzapondeniko kwathu. Mukafika pamsika mufunse kwa wometa, aliyense akulozerani. Mudzawapeza atasamba, ataima pakhomo, atagwirana manja monga amachitira. Fomu ndi cholembera ndidzakugwirirani ine. Inu mudzangoloza.

Mukatero musadzafulumire kukwera galimoto. Mudzagwade pang'ono kuti maso anu afanane ndi a wotsalayo, mumufotokozere za kusiyanasiyana kuja mmene munatifotokozera ife. Ine ndayesa masiku asanu ndi limodzi kupeza mawu ake, ndalephera.

Ine wanu wogwada mpaka mawondo kuchita zikang'a,

Wometa wa kuseri kwa msika,
bambo wa ana awiri.