Komputadori Yathu Yalandira Ufulu, Yataya Mawu

Kwa a Diretori a bungwe la Nyali ya Kumudzi,

Excelência,

Ndavula chipewa. Ine ndine Policarpo Ngozo wa kuno ku Ntengo-Wambalame, mlimi wa mbatatesi ndi ting'ombe tochepa. Ku shikola sindinapondeko, ndiye woyankhula ndine, olemba ndi apongozi anga a Guilhermina, atakhala chapatali monga mwa mwambo. Pakakhala mawu olasa, iwo angobwereketsa dzanja.

Choyamba, ndithokoze komputadori ija munaika ku nyumba yosonkhanira alimi. Tinaizolowera ngati ng'ombe ya pangolo. Ine wosadziwa lemba ndinkangodziwa kachithunzi kofiira ka pakona yakumanzere. Ndikakakhudza, amatulukira malemu mkulu wanga Osório atanyamula chishango, akuyimba nyimbo za ngoma zimene anatisiyira makolo. Anawajambula ndi anyamata anu omwe. Mkuluyo anapita ndi nyimbo zonse m'mutu. Otsalafe timangodziwa kuvomera, woyambitsa palibe.

Chachiwiri, ndithokoze ufulu. Kunabwera tekiniko wanu, a Élio, pa njinga yamoto. Anatiuza kuti mutu wakale wa makinawo unali ndi eni ake akunja ovuta, ndiye auchotsa, aikamo watsopano waulere ndi waufulu, sistema livre. Ati unapangidwa ndi anthu a m'maiko onse pothandizana, popanda wowalipira. Apa ndinakanda mutu pang'ono. Dima timaidziwa kwathu kuno, koma dima yopanda mowa sindinaionepo, ndipo mizere yolimidwa ndi anthu a kukhosi kouma ndimadziwa momwe imakhotera. Koma ndine yani ine?

Chachitatu, mbalame. Tikatsegula tsopano imatilonjera mbalame yonenepa, yakuda, ya pamimba poyera, yokhala chotambalala ngati mlendo wodikira kuti amuphere nkhuku. Tisanagwire kanthu yayamba yafunsa senha, mawu achinsinsi aja, ngati kuti si ife amene timafunditsa makinawo chitenje poopa fumbi. Kachithunzi kanga kofiira kanasamuka osatsazika. Ndinakasaka pang'onopang'ono monga ndisakira thole m'phiri, mpaka ndinakapeza katabisala kuseri kwa zithunzi zinzake, katasintha ndi mtundu womwe. Sindikudandaula ayi. Nkhalamba imafunika kantchito.

Tsono chachinayi ndicho chandiyendetsa. Nditakhudza, a Osório anatulukira ndithu. Phazi likuponda, chishango chikugwedezeka, pakamwa pakuyenda. Mawu zii! Ali moyo munthuyu sankatha kukhala chete ngakhale m'tchalitchi. Chimene analephera ansembe zaka zonse zija, inu mwachitha tsiku limodzi. Zikomo.

Tinawaimbira foni a Élio. Ati kholingo la makinawo silinadziwanebe ndi mutu watsopano, titsegule zenera lakuda tilembemo mawu amene atiuze. Apongozi analemba, mvula ya thukuta ili chuchuchu. Zilembo zinathamanga ngati linthumbu, kenaka zinaima. A Osório anapitiriza kutafuna mphepo.

Ndinafunsa kuti mwini wake wa mutuwu ndani, kuti ndimutengere tambala ndikadandaule mwaulemu. Ati ulibe mwini, ndi wa tonsefe, tikafunse ku fórum, bwalo la pa intaneti kumene amayankhako anthu a dziko lonse. A katekisita athu, a Octávio, anakatitulira mlanduwo. Munthu wina wa kutsidya kwa nyanja anayankha kuti nkhani yotere inaweruzidwa kalekale, tikasake tokha chigamulo. Wachiwiri anati tinalakwa posankha, tikadatenga mutu wa mtundu umene amagwiritsa iye. Awiriwo anayamba kukangana okhaokha, ife n'kutiiwala. Pamenepo ndinakhulupirira kuti ndi bwalo lenileni.

Excelência, tikakumba mbatatesi tikumanga chiliza cha a Osório. Abale a ku Furancungo tawauza kale, a ku Malawi nawonso akubwera, chimera chili padzuwa. Tinapangana kuti achinyamata aphunzire nyimbozo pa makina anuwo, kuti mkulu wanga agone atamva ngoma yake. Lero achinyamatawo amangobwera kudzaonerera mano ake.

Sindikupempha mutu wakale ayi, ufulu subwezedwa. Ndingopempha kuti mutitumizire munthu wodziwa kutsegula kukhosi kwa makina. Koma ngati onse atanganidwa kumasula midzi ina, tamva kuti chinthuchi ndi cha tonse, ndiye kuti n'chanunso. Mubwere nokha pa tsikulo, muime pambali pa komputadori, muyang'ane milomo ya malemu n'kutiyimbira zimene akunena. Inu ophunzira mumawerenga chilichonse. Chishango tikubwerekani, ndipo kuvomera timatha.

Ine wosayenera kuponda pa khonde lanu,

Policarpo Ngozo
(chala chadindidwachi n'changa)