Diso la galimoto ya abwana

Amene akuti ndine wabodza aimirire ndimuone. Inu a Mulipa, mwauza Khonjeni yense kuti ine ndinapha galimoto ya abwana a ku esiteti, inu amene kupopa tayala la kabaza kumakukanikani. Dzina langa simuliipitsa ndili moyo. Khalani pansi mumve.

Za galimoto yokhala ndi diso ndinayamba kuzimva ku Joni, masiku amene mawondo anga anali amphamvu, ndikugona m'magalaja a eni. Amati rada. Kachipangizo kameneka kamakhala kuseri kwa bampala, kakaona kuti galimoto ya kutsogolo yachepetsa liwiro, yako imachepetsanso yokha. Ndiye nditabwerera kuno, abwana anagunda mbuzi panjira ya ku Thekerani, diso lija n'kupotoka, galimoto n'kumaima yokha ikaona mayi aliyense wa dengu kumsana, ngati ikufuna kupereka moni.

Kuwongola diso limeneli kumafuna malo osalala, ndipo Thyolo yense ndi zitunda zokhazokha. Koma chosalala chilipo chimodzi: pamwamba pa tiyi, pamene amayi amathyola motsatira ndodo. Ndinainyamula galimotoyo, akapitawo atangogwirako galasi la m'mbali, n'kuikhazika pamwamba pa tiyi, tsamba ngakhale limodzi osapindika, ndinakoka chingwe kuchokera pamphuno pake mpaka pa bulugamu, n'kupachikapo lata loti diso lizilunjika, apo chiperoni chinatsika cholimba moti ndinachita kuchiboola ndi chikwanje kuti diso lione lata lija, kenako n'kupotoza kasikuluwu kake ndi chikhadabo ichi, ichi chakuda ichi. Mukumva?

Diso linawongoka, a Mulipa, linawongoka mopitirira. Tili m'munda momwemo linaona lole ikukwera chitunda ku Limbe, galimoto n'kugwira buleki. Linaona ng'ombe ya ku Nsabwe imene inali isanabadwe ikuoloka msewu. Abwana atati apite ku ukwati wa mphwawo, linaona kuti banjalo silikhalitsa, galimoto n'kukana kunyamuka, ndipo linatha banjalo, funsani aliyense.

Ndiye inu mukuti yafa chifukwa chiimire pansi pa bulugamu uja sinasunthe, udzu wamera m'matayala, nkhuku zikuikira pampando wa dalaivala. Galimoto yakufa mumaidziwa inu? Imeneyo ikuona zimene zili kutsogolo kwa tonsefe, ndipo mukanaziona inu, bwenzi muli kunsi kwa bedi. Chiimire pamenepo sinagundenso mbuzi ngakhale imodzi. Ndani wina m'boma lino anawongola diso mpaka pamenepo?

Uyo akutsika pa kabaza si dalaivala wa abwana? Ayi, sindikuthawa, dzuwa langolowa kumene, koma ndili ndi ulendo wa ku Mulanje. Ndipatseni chipewa changa. Khomo la kuseri ndi lotsekula?