A Dyton Achibale ndi Kabotolo ka Malovu

A Dyton Luke analibe mlendo pa dziko lapansi. Kuyambira ku Chileka mpaka ku Lirangwe, aliyense wopuma mpweya anali m'bale wawo, ndipo ngati munthu sankazidziwa, iwo ankamufotokozera bwinobwino mpaka avomere kapena athawe. Dzina la Luke linkamveka ku tchalitchi kokha. Ife tonse tinkangoti a Dyton Achibale.

Ukakhala nawo mpando umodzi mu minibasi, nkhani inkayamba galimoto isananyamuke.

"Kwanu n'kuti, bambo?"

"Ku Madziabango."

"Ku Madziabango! Ndiye kuti ndinu mdzukulu wa a Sikina aja ankaumba mbiya."

"Ayi, sindikuwadziwa."

"Simungawadziwe, anamwalira musanabadwe. Koma mphunoyi ndi yawo. Ine a Sikina ndinkawatchula azakhali, ndiye iwe ndiwe mphwanga. Tasuntha pang'ono mphwanga, wandikhalira jekete."

Kondakitala wina anawakalipira pa Lunzu, pofika pa Kameza anali atasanduka mlamu. Ngakhale Mtchaina amene anabwera ndi okonza msewu anapezeka kuti ndi msuweni, koma pamenepo a Dyton anavomera okha kuti chibale chake chinali chapatali pang'ono.

Chibalecho sichinkathera pa mayina, chinkafika mpaka ku matenda. Akamva kuti uje amupeza ndi shuga, ankapukusa mutu n'kunena kuti, "Ndi ya kwathu imeneyo, inenso ndayamba kuimva." Mphumu ya kwa a Nasima inali yawo, nyamakazi ya kwa a Zikomo inali yawo. Tsiku lina anadandaula kuti miyendo ikuwatupa ngati mmene ikuchitira kwa mlongo wawo Jenifer, mpaka wina anawanong'oneza kuti Jenifer ndi woyembekezera.

Munthu mmodzi yekha ndiye ankakana poyera. Ameneyu anali mayi Fyness January a ku Lirangwe, mayi wa Mvano wosakonda kukometsera mawu. Tsiku la msika, dzuwa likafika pamutu, pakhomo pawo pankamveka kuti, "Odi kuno, mlongo wanga!"

"Alongo anga ine ndi awiri," ankayankha a Fyness uku akuyala mkeka, "Goodwell ndi malemu Prince. Wachitatu sindinamumvepo."

"Unali usanabadwe."

"Sambani m'manja, a Dyton."

Chakudya ankawapatsa, koma dzina la mlongo ankalimana. Kwa iwo bodza linali bodza, ngakhale lonenedwa moseka.

Chiyambi cha zonsezi akuluakulu ankachidziwa, kungoti sichinkakambidwa. M'chaka cha njala yaikulu ya 1949, anthu anapeza khanda pafupi ndi njanji ku Lirangwe, lili kumsana kwa mayi amene anali atatsirizika kale. Mayiyo panalibe womudziwa. Ena ankati ankachokera ku Mozambiki, koma panalibe anamumvapo akuyankhula. Khandalo linayamwa kwa mayi aliyense amene anali ndi kamkaka, lero uku mawa uko. Amene analiyamwitsa nthawi yaitali anali mayi awo a Fyness, omwe mwana wawo woyamba anali atangomwalira. Litayamba kuyenda analitenga mphunzitsi wina wobwera, dzina lake Luke, amene anadzamwalira ali kwawo kutali.

Atakula, a Dyton anakwatira ku Chileka n'kukhala chikamwini. Mulungu sanawapatse mwana, ndipo mkazi wawo anatsogola. Akuchikazi anawasiya m'kanyumba kawo mwaulemu, koma kwathu kuno mwamuna akamwalira amakagona kwawo, pafupi ndi amayi ake. A Dyton kwawoko kunalibe. N'chifukwa chake pa maliro aliwonse, anthu akamabalalika kumanda, iwo ankatsalira m'mbuyo n'kumayang'ana malo opanda mitumbira.

"Apa pali mthunzi wabwino," ankatero. "Munthu angagone osadandaula."

Anthu ankaseka. Panalibe ankayankha kuti, bwerani mudzagone.

Kabotolo kanabwera ndi Mildred, mwana wa a Fyness amene amasamalira okalamba ku Ireland. Anabwera kudzamangitsa chiliza cha bambo ake, ndipo mwa mphatso zake munali kabokosi kakang'ono. Anafotokoza kuti munthu amalavulira m'kabotolo, n'kukatumiza kunja. Kumeneko makina amayeza chimene amati DNA, n'kunena kumene makolo ako anachokera, matenda amene angakhale m'magazi mwako, ndiponso abale ako.

"Malovu anga akwere ndege ine mwini ndisanakwerepo?" anatero a Fyness. "Ndipo wokawalandira kumeneko ndikumudziwa? Za ufiti sindikhulupirira, koma tsitsi langa ndimakwirira ndekha. Bweza m'chikwama."

Linali tsiku la msika, choncho a Dyton anali pamkeka. Anasiya kutafuna.

"Mdzukulu wanga, wati kamatchula abale?"

"Eya agogo, ngati nawonso anayezetsa."

Mawu omalizawo a Dyton sanawamve. Anali atalandira kale kabokosiko ndi manja awiri, ngati mgonero.

Mildred anawalangiza kuti asadye kanthu kwa kanthawi, kenako alavule mpaka malovu afike pa kamzere. Iwo anati zinthu zaulemu sizichitikira pamaso pa mlongo, n'kunyamuka. Koma m'malo mopita kunyumba anakakhala pansi pa mtengo pamsika, ndipo posakhalitsa msika wonse unawazungulira.

Munthu amene ankatha kuyankhula kuchokera ku Lirangwe mpaka ku Limbe osameza, tsiku limenelo kukamwa kunamuumira gwa! Analavula, kunangotuluka thovu. Wina anati aganizire bwemba. Wina anabweretsa ndimu n'kumawanunkhitsa. Kamzere kanali patali ngati phiri.

Pamapeto pake a Dyton anakweza kabotoloko m'mwamba.

"Abale anga, ntchito yakula. Munthu salima yekha munda abale ake akuonerera."

Woyamba anali wakabaza wina amene ankamutchula mphwawo. Kenako mayi wogulitsa tomato, kenako mkulu wa mpingo amene anayamba wayang'ana uku ndi uku. Dontho dontho, kamzere kanakwana. A Dyton anatseka bwinobwino n'kukapereka kwa Mildred osamuuza za thandizo la kumsika.

Patapita milungu ingapo Mildred anaimba foni ali ku Ireland. Anati akumakina alephera kuwerenga, akuti malovuwo akuoneka ngati a anthu ambiri.

"Anthu ambiri bwanji," anadabwa a Dyton, "poti tonse aja ndife amodzi?"

A Fyness anaseka mpaka kupukuta misozi ndi mpango wa kumutu. Nkhaniyo inafika ku Chigaru dzuwa lisanalowe.

Kabotolo kachiwiri kanabwera ndi mnzake wa Mildred. Ulendo uno a Fyness anagwira ntchitoyo okha. Anawakhazika a Dyton pakhonde, anadula ndimu n'kuiika patsogolo pawo, iwo n'kuima pachipata ndi tsache.

"Aliyense wobwera ndi malovu ake abwerere nawo," analengeza.

Tsiku la zotsatira anthu anadzaza pakhondepo. Foni anaitsamiritsa ku chitini cha shuga, nkhope ya Mildred ili m'katimo. Anayamba ndi mapu. Utoto unaphimba Malawi, Mozambiki, Zambia, n'kutsetserekera kumunsi.

"Makolo anu anachokera m'dera lonseli, agogo."

"Chileka ili m'katimo?"

"Ili m'katimo."

"Lirangwe? Madziabango?"

"Zonsezo."

"Mwamva!" A Dyton anaimirira, ndodo m'mwamba. "Zaka zonsezi mumati Dyton ndi wamisala. Lero azungu asainira!"

Anthu anaomba m'manja.

Kenako za matenda. Mildred anachenjeza kuti makinawo si dokotala, amangonena zimene zingathe kuchitika. Koma pa zimene anayeza, panalibe choopsa.

"Shuga ija?"

"Sikuoneka kuti muli pa chiopsezo, agogo."

"Nanga mphumu ya kwa a Nasima?"

"Palibe chosonyeza."

"Ndiye andilanda zonse," anatero a Dyton. "Munthu wamkulu ngati ine kukhala wopanda ndi nthenda yomwe ya pamtundu?"

Anthu anasekanso, iwo osaseka. Anakhala pansi n'kusendera pafupi ndi foni.

"Tsopano abale."

"Alipo angapo, koma apatali kwambiri. Mayi wina ali ku Brazil, ena ku America. Mwina makolo awo anatengedwa kuno kalekale."

"Wa kuno?"

"Kuno anthu sayezetsa zimenezi, agogo."

"Nanga dzina la amayi anga lilipo? Kapena mudzi wawo?"

Mildred anayang'ana pansi.

"Ayi agogo. Makina sadziwa munthu amene sanalavule."

A Dyton anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wauzidwa mtengo wa chinthu chimene sangathe kugula. Anathokoza Mildred mwaulemu, anavala chipewa, n'kupita. Tiyi anamusiya osamukhudza.

Kuyambira pamenepo anasintha. Mu minibasi ankangoyang'ana pawindo. Pa maliro ankakhala kumbuyo, pamodzi ndi anthu odzangopepesa. Atakumana ndi a Fyness pamsika anavula chipewa n'kunena kuti, "Muli bwanji, mayi January?"

A Fyness anali atapempha ulemu umenewu kwa zaka zambiri. Ataulandira, unawawawa ngati mwala mu nsapato. Masiku a msika ankapezeka ayala mkeka, dzuwa n'kupendeka popanda odi. Anapemphera za nkhaniyi, chifukwa sankafuna kunena chinthu chimene si choona pongofuna kusangalatsa munthu. Popempherapo anakumbukira mmene amayi awo ankachitira a Dyton akabwera. Sankawapatsa mbale ya alendo. Ankawakalipira za malaya akuda ngati mmene ankakalipirira Goodwell.

Loweruka lina anakwera kabaza, kenako minibasi, mpaka ku Chileka. Anawapeza a Dyton atakhala pa mpando kuseri kwa kanyumba kawo, ataonda, jekete likulendewera m'mapewa.

"Mayi January, mwandilemekeza."

"Mwayamba liti kunditchula ngati a kuchipatala?"

"Makina anena zoona, mayi. Ndakhala ndikuvutitsa anthu. Ndamva kuti m'tauni muli manda a anthu opanda eni. Akuti amakumba akaidi. Nkhawa yanga ndi yakuti kaya amaimba ndi nyimbo yomwe."

"Mukagona ku Lirangwe, pafupi ndi amayi."

"Magazi akana, mayi."

"Makinawo ayeza malovu. Mkaka anauyeza?" A Fyness anamva mawu awo akukwera, chinthu chimene sichinkachitika kawirikawiri. "Bere limene ndinayamwa ine munayamba kuyamwa ndinu, achimwene. Mwina n'chifukwa chake ine ndinalipeza litatha, n'kukhala wamfupi chonchi."

A Dyton anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anapukuta m'maso ndi chipewa.

"Ndiye kuti bondo lija linkawavuta amayi, limene likundivuta inenso..."

"Tengani, ndi lanu."

"Ndinkadziwa ine!" Anawongoka pampandopo. "Nanga waimiranji ngati mlendo, mlongo wanga? Lowa m'nyumbamo uone ngati muli masamba a tiyi. Ndipo shuga uthire wambiri, azungu andiloleza."

Anakhalanso ndi moyo mpaka mvula yotsatira. Chibale chinabwerera, ngakhale mawu anali atachepa mphamvu. Anamwino a kuchipatala kumene anagonekedwa onse anatsala ali adzukulu.

Uthenga wa maliro utafika ku Lirangwe, adzukulu okumba manda anabwera kudzafunsa mwini maliro kuti akawalozere malo. A Goodwell, monga mwini mbumba, anayamba kukanda m'mutu.

"Achemwali, manda aja ndi a mbumba. Anthu adzati chiyani?"

"Adzati Fyness waika mlongo wake. Pita ukaloze kumanja kwa amayi, Goodwell, dzuwa likukwera."

A Goodwell anapita. Anthu anabwera ochuluka moti minibasi zinasowa pamsewu, ndipo nyimbo zinaimbidwa mpaka mawu kusasa. Pofika nthawi yoti achibale aponye dothi, mzere unatalika kufika kunja kwa manda. Abusa anadikira, n'kudikirabe, osaletsa aliyense.

Masiku ano tikakumana pa maliro, a ku Chileka amakhala mbali yawo, a ku Lirangwe mbali yawo, kupatsana moni waulemu n'kuthera pomwepo. Munthu ukhoza kudwala shuga mwezi wathunthu popanda wobwera kudzakulanda theka. Tazindikira mochedwa kuti ambiri a ife tinadziwana chifukwa chakuti mkulu wina anatinamiza kuti ndife pachibale, ife n'kuyamba kuyenderana, mpaka bodzalo linasiya kukhala bodza.

Chimanga chitacha, Mildred anaimbanso. Anati mayi wa ku Brazil uja watumiza uthenga. Akufunsa kuti Dyton ameneyu ndi ndani, ndipo ngati ku Malawi kuli abale ena, chifukwa iye wakhala akufunafuna kwawo kwa makolo ake moyo wake wonse.

"Ndimuyankhe chiyani, amayi? Ndimuuze kuti anamwalira, ndipo analibe aliyense?"

A Fyness anayang'ana njira yochokera kumsika, foni ili kukhutu.

"Umuuze kuti wachedwa pang'ono," anatero, "koma azakhali ake alipo. Akadzatsika ndege pa Chileka, adzafunse njira ya ku Lirangwe, kwa a January."