Mapu a Canada pa Katoni ya Firiji

Lolemba
Likulu la Canada si Toronto. Ndi Ottawa. Ndinanena dzulo kutchalitchi, ndikulembanso pano chifukwa pepala silitsutsa. Amalawi a kuno ku Hull, kwa Angerezi, pakamwa ndi Canada, Canada, koma uwapatse mapu, chala chikugwera pa Greenland. Tsopano matendawa agwira mlongo wanga Tiyamike. Wapeza ntchito yosamalira okalamba ku Winnipeg, akuti anyamuka mwezi wamawa. Ine nditsale ndekha m'nyumba muno? Sizitheka. Loweruka kuli msonkhano wa Amalawi, ndapempha ola lathunthu. Jogalafe ndinaiphunzira zaka ziwiri ndi theka kuyunivesite. Ndimuopseza ndi zoona zokhazokha.

Lachiwiri
Ndikujambula mapu pa katoni ya firiji yomwe ndatola kuntchito. Dziko losadziwa polekezera, loposedwa ndi Russia yekha. Katoni yatha ndisanafike kunyanja ya Pacific. Zoopsezera:
- kuzizira kofika 30 pansi pa ziro
- zimbalangondo
- Chifalansa
- mbiri yake: Angerezi ndi Afalansa kulimbirana zikopa za tinyama, eni nthaka n'kulandidwa malo

Lachitatu
A Chirwa, apampando a gulu lathu, pafoni: "Aprofesa, ola lachuluka. Kuli makwaya atatu. Tengani mphindi makumi awiri." Uprofesawo amautchula mokoka, kuti ndisaiwale kuti digiri sindinatenge. Iwowo khomo la yunivesite analionapo?

Lachinayi
Tiyamike wapeza zolemba zanga patebulo, wawerenga zonse. "Achimwene, zikomo. Sindimadziwa kuti kumazizira chonchi." Mtima wanga myaa. Madzulo akutulukira ndi chijasi chofika m'mapazi ndi nsapato zaubweya. Zimbalangondozo akuti wafufuza, sizikwera basi, ndipo ku Winnipeg Chingerezi n'chokwanira. Anamuphunzitsa kufufuza ndani? Ine ndemwe.

Lachisanu
Pulogalamu yatuluka. Mphindi khumi, pakati pa zolengeza ndi chakudya. Pamwamba alemba kuti "Kutsanzikana ndi mlongo wathu Tiyamike". Mchimwene wake ndikumvera papepala.

Loweruka
Msonkhano wa 1 koloko ukuyamba 3 koloko. Kwaya iliyonse ili ndi nyimbo "imodzi yokha", n'kuimba zinayi. A Chirwa akuti sachulutsa gaga m'diwa, n'kuyankhula theka la ola. Nthawi yanga yakwana, ndapita kutsogolo ndi katoni ya mapu ija. Ndangoti "Likulu la Canada", abusa nyamu.

"Taonani, mwanayu watibweretsera dzikolo mommuno. Aprofesa, yalani pansi."

Ndayala. Tiyamike agwada pambali, mpingo wonse uzungulira kuti usanjike manja pomwe akupita. Manja onse thi pa Hudson Bay. M'madzi! Abusa akufuula kuti mwana wawo akakhazikike pamenepo, akamere mizu. Ndapirira mpaka ameni wachiwiri, basi zandikanika. Ndagwira dzanja la abusa, ndalikokera pansi mpaka pa Winnipeg. Onse atsatira. Dzanja langa latsala pomwepo, pansi pa manja awo, mpaka pemphero kutha.

"Ngakhale achimwene ake avomereza," akutero a Chirwa. Nthungululu.

Lamulungu
Kutchalitchi sindipita. Tiyamike wadula kachigawo ka Winnipeg pakatoni paja, waika m'sutikesi, akuti akakhoma kuchipinda kwake. Canada yotsalayo ili panja, ikudikira galimoto ya zinyalala. Wandipempha kuti ndimuwerengere nthawi yabwino yoimbirana foni, poti wodziwa izi ndine. Ndawerenga.

Ikamakwana 6 koloko madzulo kuno, ku Winnipeg ndi 12 koloko masana.