Tsiku limene a Banda onse anasowa m'kompyuta

Mukadzamva anthu a ku Chulu akundiitana kuti "Mlembi", musayese ndi ulemu. Dzinali linabwera ndi manyazi, ndipo zonse zinayamba ndi mbuzi.

Azakhali anga ndi mphunzitsi ku boma. Chaka chatha ankachita kafukufuku wa maphunziro awo, wofuna kudziwa chifukwa chake alimi ena akusiya fodya n'kumadzala soya ndi mtedza. Ine ntchito yanga inali yowakweza pa njinga. Ataona kuti zala zanga n'zachangu pa foni (sukulu ndinaisiyira fomu 2, koma zala sizinasiye), anandiphunzitsa kulemba pa laputopu yawo.

Njira yawo inali yokoma. Zonse zimene alimi ankayankha tinkazithira m'chikalata chimodzi chachitali ngati msewu wa ku Lisasadzi. Ukafuna chinthu umangotsegula kabokosi, n'kulembamo liwu limodzi, monga "chigafa", basi makinawo amakudumphitsa paliponse pamene munthu anatchula chigafa. Panalinso kabokosi kachiwiri kosinthira liwu lina ndi linzake.

"Koma uzilemba mayina onse awiri, wamva?" anatero azakhali.

Ndinavomera pakamwa pokha. Inu, munthu wa imvi ungamufunse bwanji dzina lake la paubwana? Ndinkangolemba monga timaitanirana: a Phiri, a Mwale, a Banda. Ndipo kwathu kuno ukaponya mwala umagenda Banda.

Mwa a Bandawo, awiri ndiwo ofunika pa nkhaniyi. Oyamba ndi bambo ake a Tiyamike, mtsikana amene amalume anali atangondigogodera kumene pakhomo pawo za ukwati, yankho lisanabwere. Wachiwiri ndi Banda woyandikana nafe, mwini mbuzi zimene zinapondaponda nazale yanga ya fodya. Nditakamudandaulira anangoti, "Mbuzi sidziwa malire, mphwanga," uku akutafuna nzimbe.

Ndinabwerera mtima ukuwira. Kumumenya sindikanatha (ndi wamkulu, komanso ali ndi mapewa ngati ng'ombe ya pangolo), ndiye ndinatsegula laputopu. Ndinati ndimutukwane m'makina momwemo, ndizizire, kenako ndibwezeretse. M'kabokosi koyamba ndinalemba "Banda", m'kachiwiri "Chitsiru Chambuzi", n'kukankha batani limene linali pafupi ndi chala. Panatuluka uthenga wa Chizungu. Ndinauvomera osawerenga, monga ndimachitira ndi mauthenga onse. Ndinaona dzina lake litasintha, ndinaseka ndekha, amayi n'kundiitana kukatsitsa matumba. Ndinasunga, kutseka, kuiwala.

Loweruka azakhali anati tipite kwa bambo a Tiyamike kuti akamve ngati mawu awo tinawalemba bwino. Ndinavala malaya a ku tchalitchi. Anatikhazika pakhonde, Tiyamike atagwada chapatali ndi beseni la mtedza.

Azakhali analemba "Banda" m'kabokosi. Zii. Analembanso. Palibe.

"Iwe, a Banda onse apita kuti?"

"Mwina makina atopa, azakhali."

"Makina satopa. Tiyamike mwanawe, bwera undiwerengere, magalasi ndasiya. Tifufuze ndi liwu loti mtedza."

Mtsikanayo anawerenga mokweza, ndi mawu ake okoma a m'kwaya aja: "A Chitsiru Chambuzi anati mtedza sutha nkhuni, ndipo umasiya chonde m'nthaka." Anaima. Anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana nkhuku.

"Pitiriza," anatero bambo ake.

"A Chitsiru Chambuzi anatinso fodya ali ngati mwana wakhanda, sungamusiye n'kupita ku maliro."

Nkhalambayo inakanda chibwano. "Chitsiru chimenechi chikudziwa ulimi. Mawu ake akufanana ndi anga. Mnyamata, n'cha mudzi uti?"

Ndinatsika pampando n'kukhala pansi, malaya a ku tchalitchi ndi fumbi lomwe. Ndinafotokoza zonse: mbuzi, nazale, nzimbe, batani. Azakhali anagwira kumutu.

"Ndiye kuti ndi abusa omwe? Si a Banda nawonso?"

Ndi abusa omwe. Ndi amayi ake a Tiyamike omwe, amene kwawo ndi kwa Mwale koma ndinawalemba kuti mayi Banda.

Bambowo anaseka mpaka kutsokomola. Atapuma anati, "Ndamva za akamwini otukwana kumbali. Uyu walemba ndithu, n'kubwera nazo yekha pa njinga." Kenako anandiloza ndi khoko la mtedza. "Mkwiyo wako ukufanana ndi mbuzi zija, sudziwa malire. Mwana wangayu ndi Nabanda. Tsiku limene mudzayambane, tidzasowanso tonse?"

"Ayi bambo."

"Tiona. Uwauze amalume ako abwere mawa, tikambe."

Kubwezeretsa dzinalo azakhali anachita tisanamalize n'kutafuna komwe mtedza uja. Chilango changa chinali kuzungulira mudzi wonse kufunsa mkulu aliyense dzina lake loyamba, chipewa chili m'manja. Onse anandiuza, ndipo onse anali atamva kale.

Lero ndine mkamwini pakhomo paja, ndipo uthenga uliwonse wa pa makina ndimayamba ndaitana Tiyamike kuti andiwerengere. Koma dzina loyamba la mwini mbuzi uja sindinakamufunse, ndinangomupekera ndekha m'chikalatamo. Azakhali akadzafufuza liwu loti "nzimbe", adzamupeza.